Chaka Chimene Amayi Anakana Kufutsa

Matimati a chaka chimenecho anapsa onse pamodzi ngati anachita kupangana. Ukathyola beseni lodzaza m'mawa, pofika madzulo kuseri kwa nyumba kwafiiranso psuu. Mufuliji munadzaza, patebulo panadzaza, ena tinayala panyuzipepala m'chipinda chochapira, mpaka mwamuna wanga anati nyumba yayamba kununkha ngati msika wa Lizulu. Unali mwezi wa Januwale, dzuwa la kuno ku Perth, kutsidya kwa nyanja, likuswa mtengo, ndipo amene analima zonsezi anali amayi anga, munthu amene anabwera kudzakhala miyezi itatu yokha.

Anabwera chaka chapitacho, ine ndili wotopa ndi pakati pa mwana wanga woyamba. Ndine nesi, ndimakwera basi pa Morley pamene timakhala, m'mamawa kupita kuchipatala china m'tauni. Mwamuna wanga amagwira ntchito kumigodi kumpoto, masabata awiri kumeneko, sabata imodzi pakhomo. Ndiye tinagwirizana kuti amayi abwere adzandisambitsire mwana, andiphunzitse uchembere, kenako abwerere ku Ntcheu kumene anasiya abambo okha. Abambo anandiuza pafoni kuti miyezi itatu si kanthu, aziphika okha. Tinaseka tonse, poti abambo anga ngakhale madzi a tiyi anali asanawiritsepo chikwatirire.

Mwana asanakwanitse miyezi iwiri kunabwera kolona, dziko n'kutsekedwa. Tikiti ya amayi inafera pomwepo. Ndinawauza kuti ndege zaima, ndipo nthawi imeneyo zinali zoona. Koma patapita miyezi ingapo, ndikulemba mapepala owonjezera masiku a viza yawo, ndinaona ndi maso angawa kuti mlendo sakuletsedwa kutuluka, oletsedwa ndi ife okhala kuno. Ndege zinalipo, zochepa, zovuta kupeza, koma zinalipo. Choletsedwa chinali kubwereranso. Ndinatseka kompyuta ija, n'kupita kukatenga mwana m'manja mwa amayi, osawauza zimene ndinaona.

Zifukwa ndinali nazo, ndipo ndinkazibwereza mumtima ndili m'basi ngati mwana woloweza vesi. Amayi ali ndi BP. Kuno matenda kulibe, kumudzi alipo. Ulendo wake ndi wa ndege zitatu. Zonsezo zinali zoona, koma chenicheni ndi chakuti tchuthi changa cha uchembere chinkatha, ndipo ndinalibe munthu womusiyira mwana. Mwamuna wanga anandiuza kamodzi kuti, "Auze amayi, asankhe okha." Ndinamukalipira mpaka sanayambirenso. Ndine wamtima wapachala ine, amandidziwa.

Ndiye Lamlungu lililonse tinkaimbira abambo pavidiyo. Iwo foni amaigwirira pafupi ndi nkhope, moti tinkangoona chipumi ndi magalasi basi. "Ndili bwino, ndili bwino," amatero. "Ndege zayamba?" Amayi amatembenukira kwa ine. Ine ndimvekere, "Sizinayambe, Ababa. Mwina mwezi wamawa." Mwezi wamawa umenewo ndinautchula kambirimbiri mpaka unasanduka ngati moni.

Amayi si munthu wokhala manja lende. Kwathu ali ndi dimba la matimati ndi kabichi, ndipo ife tinaphunzira sukulu chifukwa cha dimba limenelo. Kuno analibe mnzawo wocheza naye, kusitolo sakanapita okha, wailesi yakanema inkawapweteka mutu. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinawapeza kuseri, mwana kumbuyo, akutokosa pansi ndi mpeni wakukhitchini.

"Dothi ili ndi lotani, abale? Mchenga wokhawokha ngati wa m'mtsinje. Anthu akuno amadya chiyani?"

Mwamuna wanga anawagulira khasu kusitolo, iwo analiyang'ana n'kunena kuti ndi choseweretsa cha ana. Mwamuna wangayo anachita kupita kwa Mmalawi wina wowotcherera zitsulo ku Malaga, dera lina la mumzinda momwemuno, kuti awapangire khasu lenileni, lolemera, la mpini wopindika. Anabweretsanso matumba a ndowe za nkhosa. Kapinga yense wakuseri anazulidwa. Mbewu anazitola mwa apo ndi apo: nthangala za dzungu limene tinadya, nyemba za m'paketi, mpiru kwa mayi wina wa ku Zambia wakutchalitchi, ndipo bonongwe anangomera yekha m'mphepete mwa mpanda, amayi n'kumulonjera ngati m'bale.

Atabzala anayamba kudikira mvula. Novembala anafika, iwo maso kumwamba. Ndinawauza kuti kuno mvula imagwa nthawi yozizira, ija ankaitcha chiperoni chosatha ija, ndipo kuyambira pano mpaka Epulo sadzaona dontho. Sanandikhulupirire. "Dziko lanji lotembenuza zinthu chonchi?" Mitambo ikangodutsa ankatuluka kukaima pakhonde. Itawagwiritsa mwala kangapo anagonja, n'kuyamba kuthirira ndi payipi m'bandakucha, ngakhale madzi osambitsira mwana sankatayidwa. Ndipo zinthu zinamera, koma abale! Nkhwani zinayanga mpaka pachingwe choyanikira zovala, khwanya biriwiri, therere kutalika kundiposa, matimati mizere isanu ndi umodzi, uliwonse ndi mitengo yake yochirikiza.

Pofika Januwale zinatikulira. Ndinanyamula majumbo kupita nawo kuntchito, ena kutchalitchi, ena ndinkangosiya pamakomo pa Amalawi anzathu. Anthu anayamba kundithawa. Tsiku lina, poona nkhwani zikukhwimira pansi, ndinati, "Amayi, bwanji tifutse? Dzuwa lake ndi ili, tsiku limodzi zauma."

Kwathu ndiwo zikachuluka timaziwiritsa pang'ono n'kuziyanika, kenako n'kuzimanga m'chikwatu kuti tidzadye m'chilimwe, kumunda kutauma. Amayi ndi katswiri wa zimenezi. Ndinkaganiza kuti akondwa.

Anapitiriza kusenda nkhwani osandiyang'ana. "Ndifutse kuti adzadye ndani?"

"Ife tomwe. Nthawi yozizira ikadzafika."

"Ikamadzafika nthawi imeneyo ine ndidzakhala ndili kwathu. Munthu amafutsa pakhomo pamene akukhala. Ine pano sindikukhala, ndikudikira ndege."

"Ndiye ziwole?"

"Ziwole."

Zinandinyansa. Ndinawauza kuti ndi kuwononga, kuti madzi athirira miyezi itatu apita pachabe, kuti akuchita makani ngati mwana. Iwo anangoti, "Wanena kuti mwezi wamawa. Kapena si mwezi wamawa?" Ndinalowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko, mwana n'kudzidzimuka kuyamba kulira.

Masiku amenewo kumudzi kunali koipa. Foni ikalira, mtima umayamba wagunda kaye. Aphunzitsi anga akale, mkulu wampingo wa kwathu, anthu owadziwa ndithu, uthenga wa maliro tsiku ndi tsiku. Ndinkawaonetsa amayi mauthengawo mwadala, kuti aone kuti ali pabwino. Iwo ankawerenga, n'kupukusa mutu, n'kufunsa chinthu chimodzi chokha: "Nanga abambo ako akudya chiyani?" Kunali mwana wa achemwali awo a abambo amene ankapita kukawaphikira, koma amayi ankadziwa kuti mwamuna wawo sadya bwino za m'manja mwa wina. Amangolawa, n'kukankhira mbale kumbali, n'kunena kuti wakhuta.

Kumapeto kwa mweziwo, munthu mmodzi atapezeka ndi matenda mumzinda, anatitsekera m'nyumba tonse kwa masiku angapo. Mwamuna wanga anali kumgodi. Ine ndinali pa masiku anga opuma. Kunkatentha ngati mu uvuni, ndipo kumapiri kunabuka moto wolusa, utsi unaphimba kumwamba, dzuwa linafiira, phulusa linkagwera pamasamba a maungu. Kutsegula zenera, utsi. Kutseka, thukuta. Kopita kunalibe, wompatsa matimati kunalibe. Anayamba kuphulikira pamitengo pomwepo, ntchentche ng'waa, fungo lowawasa mpaka kuchipinda. Amayi ankangothyola, kuunjika pabeseni, n'kukhala pansi kumawayang'ana.

Kuseri kwa mpanda wathu kumakhala mayi wina wachikulire wochokera ku Italy, wamasiye, amene anabwera kuno ali mtsikana. Iye ndi amayi anali atazolowerana mwa njira yawo, kulozerana masamba pamwamba pa mpanda, wina kuyankhula chake wina chake. Tsiku lachiwiri la kutsekeredwa anasuzumira, anaona mulu wa matimati, anagwira m'mutu n'kufuula ngati waona ngozi. Posakhalitsa zinthu zinayamba kudutsa pamwamba pa mpanda: mabotolo m'makatoni, zivindikiro zatsopano, kamakina kopukusa ndi dzanja, poto wamkulu woti mwana angasambiremo, ndi chitofu cha gasi. Anakwera pakampando kumbali yake n'kuyamba kutilamula.

Tsukani. Dulani pakati, chotsani powola. Wiritsani mpaka afewe. Thirani m'kamakina, pukusani, makoko ndi njere zituluka mbali iyi, msuzi mbali iyi. Mabotolo akhale otentha. Thirani madzi a mandimu pang'ono, siyani mpata wa zala ziwiri kukamwa, tsekani. Kenako muwakulunge m'nsanza kuti asagundane, muwaike m'poto wamadzi, muwaphike.

"Akuti tiphike chiyani?" anafunsa amayi.

"Mabotolo."

Anaseka koyamba m'masabata ambiri, kuseka kogwira m'mimba. "Ndaona zambiri ine, koma kuphika mabotolo! Tidyera chiyani, mchere?" Koma anagwira chopukusira chija, ndipo msuzi utayamba kutsika, wofiira, wosalala, wopanda njere ndi imodzi yomwe, ndinaona maso awo akuwala. Munthu wa dimba amene wakhala akutaya matimati m'mbali mwa msewu chaka ndi chaka, mitengo ikagwa, sakanalephera kuchita nacho chidwi. Anandiuza kuti izi sakufutsa ayi, akungophunzira kuti akaonetse anzawo kumudzi. Ndinati chabwino, bola ntchito iyende.

Tinali pa mabotolo a ulendo wachiwiri pamene mayi uja anayamba kucheza. Anati kwawo ntchito imeneyi sagwira munthu mmodzi, limakhala tsiku la banja lonse. Anati chaka chatha anamuthandiza mchimwene wake amene anabwera kudzacheza kuchokera ku Italy, n'kutsekeredwa kuno ngati mayi anuwa. Anavutika, anati, ankangolira mkazi wake. Mwamwayi anapeza ndege, anapita kwawo.

Dzanja la amayi linaima pachopukusira.

"Akuti chiyani?"

"Akuti mchimwene wawo amawathandiza zaka zina."

"Ayi. Anena za ndege. Ndamva ine."

Chingerezi cha amayi ndi cha sitandade sikisi, sachiyankhula, koma makutu awo ndi akuthwa. Chaka chonse ndinkayiwala zimenezo. Anapukuta manja pachitenje, anapita pampanda okha, n'kufunsa ndi mawu awiri atatu amene anali nawo, uku akuloza kumwamba. Mayi uja, wosadziwa kanthu, anawerenga pazala n'kukweza zinayi. Miyezi inayi yapitayo. Anawonjezeranso mokoma mtima kuti alendo saletsedwa kupita, mwana wanuyu ndi wophunzira, akupezerani ndege.

Amayi anabwerera n'kuima patsogolo panga. Madzi anali kubwadamuka m'poto, mabotolo akugogoda pansi.

"Iwe unkadziwa?"

"Amayi, kumudzi anthu akufa. Mwaona nokha mauthenga."

"Sindinafunse za anthu akufa. Unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Kuyambira liti?"

Pamenepo mtima wanga uja unandipereka. M'malo mogwada ndinakweza mawu. "Ndiye mumafuna nditani? Mwanayu ndimusiye ndi ndani? Bambo ake kumgodi, ine mashifiti, m'bale ndilibe kuno ngakhale mmodzi! Inu mukapita simubweranso, ine sindingatuluke, ndiye nditani ineyo?" Ndinafuula mpaka mayi wa ku Italy anatsika pakampando pake mwakachetechete.

Amayi anandisiya ndimalize. Kenako anati, "Eya. Tsopano wanena zoona." Mawu awo anali otsika, ndipo ndikanakonda akanandimenya. "Ukanandipempha, mwana wanga. Ukanati, Amayi, njira ilipo koma ndikuvutika, khalani. Mwina ndikanakhala. Ndikanawauza abambo ako, tikanagwirizana. Koma iwe unandimangirira ngati mbuzi pachikhomo, n'kumandiuza kuti mwezi wamawa." Anayang'ana poto uja. "Chepetsa moto, mabotolo angasweke."

Ndinalira tsiku limenelo, ndi manyazi ndi mkwiyo pamodzi, koma ntchito sinaime. Tinatulutsa mabotolo, tinawandandalika pathaulo, ndipo akamazizira zivindikiro zinkalira thoo, chimodzichimodzi, kusonyeza kuti zagwira. Amayi sanandiyankhulenso kupatula za ntchito. Bweretsa. Tsuka. Gwira apa.

M'mawa mwake ndinawapeza atathyola kale nkhwani madengu awiri, madzi ali pamoto. Anayamba kufutsa. Sanandifotokozere ndipo sindinafunse. Ankasenda, kuduladula, kuviika m'madzi owira mpaka mtundu usinthe, kutsanula, kufinya, n'kuyala pansalu zofunda zimene anatandika pakonkire. Chifukwa cha phulusa lija anaphimba ndi katani yopyapyala ya pabalaza, anachita kuichotsa pazenera osandipempha. Pofika madzulo masamba anali atauma gwa, ukagwira akuthetheka. Tsiku lotsatira khwanya. Kenako mpiru, bonongwe, therere lodula tizidutswa. Sabata yathunthu, ine nditabwerera kuntchito, iwo anali pa ntchito imeneyo, mwana kumbuyo, chipewa cha mwamuna wanga kumutu. Matimati otsala onse analowa m'mabotolo. Masamba a msuku omangira chikwatu kuno kulibe, ndiye mfutso anauthira m'timatumba ta pulasitiki totseka kukamwa, akudandaula kuti ndiwo sizipuma.

Ine mumtima ndinayamba kudzinamiza. Ndinkati mwina afutsa chifukwa avomera kukhala. Si iwo amene ananena kuti munthu amafutsa pakhomo pamene akukhala?

Lachisanu ndikufika ndinapeza atayala zonse patebulo, m'magulu awiri. Mbali imodzi mabotolo onse ndi mulu waukulu wa timatumba. Mbali ina timatumba tochepa, ta nkhwani ndi khwanya zokhazokha.

"Izi ndi zako," anatero, akuloza mulu waukulu. "Zikufikitsa mpaka matimati ena adzapse. Uziyamba wanyika m'madzi ofunda, usamaphike ndi moto wambiri, mwana azidya zotendera. Sudzanena kuti ndinakusiya ndi njala. Izi ndi za abambo ako. Tsopano khala pansi apo, utsegule kompyuta yako ija, ine ndikuona."

Ndinakhala pansi. Anakoka mpando n'kukhala pambali panga, phewa kukhudza phewa, mpaka ndinapeza ndege. Yoyamba inalephereka patatsala masiku ochepa, ndipo nditawauza anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti ndiwaonetse pamene palembedwa. Zinandiwawa kwambiri, koma ndinawaonetsa. Yachiwiri inatheka. Polongedza, sutikesi italemera, anatulutsa madiresi amene ndinawagulira n'kusiya mfutso.

Kubwalo la ndege kunali zii, anthu owerengeka, aliyense ndi masiki. Mwana anali atayamba kumene kuyenda, ankagwira chitenje cha amayi osafuna kusiya. Anamunyamula, anamununkhiza m'khosi nthawi yaitali, n'kundipatsa. Tonse tinkadziwa kuti sangabwerenso, ndipo ine sindingawatsatire, ndipo palibe amene ankadziwa kuti mpaka liti. Ndinayamba kupepesa. Iwo anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Uzithirira m'mawa, osati masana." Analowa osacheuka.

Sindinathirire. Mwana ndinamupezera malo kosungira ana, mashifiti ndinasinthanitsa ndi anzanga mpaka anatopa nane, ndipo pofika panyumba ndinkangogwera pampando. Patangotha masabata awiri dimba lonse linali litauma, mitengo ya matimati itangoima mbee, khasu lija lili pomwe analisiya.

Lamlungu loyamba atafika anandiimbira. Kuno anali madzulo, kwathu masana, ali pakhonde akudya. Amayi sanagwire foni m'manja. Anaitsamiritsa pa chinachake chapatali ndithu kuti onse awiri aoneke, ndipo kwa nthawi yoyamba m'chaka chathunthu ndinaona abambo anga thupi lonse, osati chipumi ndi magalasi okha.

Sindinawazindikire msanga. Shati imene ndinawatumizira, imene inkawathina pamimba, inali lende ngati yobwereka. Khosi linali litatuluka m'kolala ngati la nkhuku. Wotchi yawo inali itatsetserekera mpaka pakati pa mkono. Munthu amene Lamlungu lililonse ankati ali bwino, ali bwino. Ine nesi, wodziwa kuona wodwala akungolowa pakhomo, ndinali nditayang'ana chipumi chokha chaka chonse n'kumakhutira nacho, chifukwa sindinkafuna kuona zambiri.

Ankadya nkhwani zotendera, mwachangu, osakankhira mbale kumbali. Anakweza mutu n'kumwetulira.

"Mayi, ndiwo zanu za kunja zafika, zikukoma ngati zakuno. Zikomo kwambiri powasunga amayi anu nthawi yonseyi ndege zitaima. Mwagwira ntchito, mwana wanga."

Amayi anali asanawauze za bodza langa lija. Ndinayang'ana amayi, iwonso anandiyang'ana, nkhope yosaseka, yosakwiya. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma iwo anapukusa mutu pang'ono, kamodzi kokha. Kenako anatenga chipande n'kuwawonjezera abambo ndiwo m'mbale.